Geji ikamakwerabe mutatsuka fyuluta ya dziwe losambiramo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake geji yoyezera mphamvu ya madzi mu fyuluta ikukweranso patangotha masiku awiri mutatsuka katiriji, chosefera chansalu cha mkati mwa fyulutayo. Ine ndikukayikira mafuta odzola omwe osambira amasiya m'madzi. Amakakamira mopindikapindika mwa nsalu ya katiriji, n'kutseka njira ya madzi, geji n'kukwera, ndipo madzi a paipi okha sangawachotse.

Zimitsani pampu, mutsegule valavu yotulutsira mpweya musanakhudze chivindikiro cha fyuluta, chifukwa chikhoza kukuphulikirani. Katirijiyo muiviike usiku wonse m'mankhwala ochotsa mafuta, m'mawa muitsukuluze. Musayambe ndi asidi ayi, amaumitsa mafutawo osachokanso. Makina opopera madzi mwamphamvu nawo amang'amba nsaluyo.

Mukaibwezera, lembani pomwe geji yaima. Ikadzakwera ndi 8 mpaka 10 psi (muyeso wa pa gejipo) kuchokera pamenepo, tsukaninso. Koma ngati nsalu yang'ambika kale, gulani katiriji ina basi.