Musamasule paipi ya AC gasi akadali mkati

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati kompuresa ya AC (makina oziziritsa m'galimoto) pa Hilux yanu ya 1992 yafa, mukufuna kuichotsa, ndiye mukufunsa ngati mungangomasula paipi kuti gasi atuluke yekha. Musatero, ngakhale ena muno akuti ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Gasi ameneyu amakhala wopanikizika m'mapaipi ngakhale injini itazima. Tsiku lotentha mphamvu yake imaposa kawiri ya mpweya wa m'tayala. Gasi wina amakhala wamadzimadzi, ndipo akangotuluka amazizira mpaka madigiri pafupifupi 30 pansi pa ziro. Akakugwerani pa dzanja khungu limapsa ngati mwagwira khala, ndipo akalowa m'diso mukhoza kulitaya. Zikachitika osatikita: tsukani ndi madzi ambiri ofunda pang'ono n'kuthamangira kuchipatala.

Musanagwire sipanala, dziwani kaye mtundu wa gasi wanu. Magalimoto ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 1994 ankayendera R-12, amene akuluakulu amangomutcha Freon, ndipo obwera pambuyo pake ali ndi R-134a. Tsegulani boneti, nthawi zambiri pamakhala kapepala komata konena mtundu ndi kuchuluka kwake. Ngati kanafufutika, onani mavalavu. A R-12 ali ndi mazinga kunja ngati valavu ya tayala, pomwe a R-134a ndi onenepa, payipi ya geji yoyezera mphamvu ya gasi imangokanikizidwa n'kugwira.

R-12 ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Akakumana ndi lawi la moto amasanduka utsi wapoizoni wowononga mapapo, ndipo tonse tikudziwa kuti m'magalaja athu wowotcherera zitsulo amakhala pafupi pomwepo, wina ndudu ili pakamwa. Komanso ndi wolemera kuposa mpweya, choncho amatsikira m'dzenje lokonzeramo galimoto, yemwe ali mmenemo n'kubanika osadziwa chamugwira. Ndi yemweyunso amadya ozoni, mpweya wa mumlengalenga wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, chimene chinachititsa pangano la mayiko la ku Montreal la 1987, ndipo mayiko ngati lathu anayenera kusiya kuitanitsa gasi wotereyu pofika 2010. Vuto lina n'lakuti galimoto ya zaka zoposa 30 yadutsa m'manja ambiri. Alipo amakaniko amene amathiramo gasi woyaka ngati wophikira uja chifukwa ndi wotchipa, ndiye kapepala kaja musakakhulupirire kotheratu.

Chochita ndi ichi. Pitani kwa munthu wa ma AC kapena wokonza mafiriji amene ali ndi makina okokera gasi m'silinda, ndipo mumufunse musananyamuke ngati amalandira R-12, poti magasi awiriwa sasakanizidwa m'silinda imodzi. Iye ayambe n'kulumikiza mageji, wabuluu ku mbali ya mphamvu yochepa, wofiira ku mbali ya mphamvu yambiri. Mwina mupeza kuti singano zonse zili pa ziro, gasi anathawa kalekale, nkhani yathera pomwepo. Ngati alimo, makina amamukoka injini ili chizimire mpaka geji itatsika pansi pa ziro. Adikire mphindi zisanu kapena khumi, chifukwa gasi wina amabisala m'mafuta a kompuresa ndipo singano imakweranso. Ikakwera akokenso. Silinda iikidwe pa sikelo, isadzaze kupitirira 80 peresenti, ndipo ikhale yopangidwira ntchitoyi, osati ya gasi wakukhitchini. Zonsezi zichitikire panja kapena pamalo popita mphepo, magalasi oteteza maso ndi magolovesi zili pathupi. Pampu ya vacuum yokha, ija yochotsera mpweya ndi chinyezi m'mapaipi, si makina okokera gasi, imangomutayira kunja, ndiye wina akakuonetsani imeneyo pitani kwina.

Akatha ndi pomwe mungamasule mapaipi nokha. Tsekani kukamwa kwa paipi iliyonse nthawi yomweyo kuti chinyezi ndi fumbi zisalowe. Ngati mukufuna AC idzagwirenso ntchito, ine ndingasinthire ku R-134a, poti R-12 weniweni ndi wosowa. Kutero kumafuna drier yatsopano (kabotolo koyamwa chinyezi), mavalavu ndi timphira tatsopano, komanso kuchotsa mafuta akale, chifukwa sayenda bwino ndi gasi watsopanoyu. Wa ma AC uja asanathire gasi, vacuum ikoke kwa mphindi zosachepera 30. Tumizani chithunzi cha mavalavu anu muno, tikuuzani mtundu womwe muli nawo.