Asilikali a NK ndi khansa yakuphazi ya abambo anga

FUNSO: Adokotala ndithandizeni. Abambo anga amalima mbatatesi kuno ku Angónia, chaka chatha anatuluka kabanga kakuda kunsi kwa phazi ife timangoti ndi minga yakudimba basi, koma kanangokulirakulira mpaka kuyamba kuchucha magazi. Kuchipatala atadula kachidutswa n'kukapima akuti ndi melanoma, khansa yapakhungu. Mng'ono wanga wawerenga pafoni kuti odwala amene ali ndi maselo a NK ambiri amakhalitsa, ndiye pali wina pamsika akugulitsa ufa woti umachulukitsa maselowa. Tigule? — Mwana wamkazi wodandaula, Ulongué

YANKHO: Pepani kwambiri achemwali. Ufawo musagule chonde, ndalamayo isungeni ikhale yokwerera chapa (minibasi) popita kuchipatala.

Zomwe wawerenga mng'ono wanuzo si zabodza ayi. Maselo a NK ndi gulu lina la asilikali a m'thupi, anawatulukira mu 1975 kusukulu ya zamankhwala ya Karolinska, ku Stockholm m'dziko la Sweden. Ntchito yawo ili chonchi, pafupifupi selo lililonse labwinobwino limakhala ndi chizindikiro pamwamba pake ngati chiphaso, ndiye maselo a melanoma nthawi zambiri amabisa chizindikirochi pothawa asilikali ena otchedwa T, koma a NK akangopeza selo lopanda chiphaso amaliboola n'kulithira timapuloteni toliwononga pompo. N'chifukwa chake ofufuza apeza kuti chotupa chikakhala ndi a NK ambiri mkati mwake wodwala kawirikawiri amakhala nthawi yotalikirapo. Vuto n'lakuti khansayi nayo ndi yochenjera, ikakhwima imatulutsa zinthu zowafooketsa asilikaliwa mpaka amangokhala osaluma. Palibe ufa kapena tiyi amene anatsimikizidwa kuti amawadzutsa n'kuchiza melanoma.

Chomwe madokotala amayang'ana kwenikweni ndi kuzama kwa chotupacho pakhungu, muyezo wa Breslow umene unayamba mu 1970. Chikakhala chosapitirira milimita 1 ambiri amachira akangochichotsa, chikaposa mamilimita 4 kapena chikasanduka chilonda ngati cha abambowa, mpata woti chafalikira umakula. Ndikunena mosabisa chifukwa ndikufuna mufulumire. Kafunseni kuti pepala la zotsatira likuti mamilimita angati, opaleshoni yochotsa chonsecho ichitika liti, komanso awapime m'mphechepeche ngati muli mwanabele wolimba poti ya kuphazi imakonda kuyamba kuthawira kumeneko. Akakutumizani ku Tete kapena kupitirira, pitani, musadikire kukolola.

Chimandiwawa n'chakuti ife akhungu lakuda melanoma kawirikawiri imatigwira kunsi kwa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo oti munthu wolima wopanda nsapato sawalabadira. Ndiye madzulo ano mukamawatenthetsera madzi amayi anu, atembenuzeni mapazi muwaone bwinobwino pakati pa zala pomwe, nanunso mudzione.