Kodi mabakiteriya a ku mizu ya nyemba angayeretse dothi lothiridwa oyilo?

Bambo wina wa kwathu, amene ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba kuno ku Johannesburg, wafunsa za malo amene kale ankakonzerapo magalimoto. Anamva kuti mabakiteriya a ku mizu ya nyemba ndi soya amaswa mankhwala oipa a m'nthaka, ndiye akufuna kudziwa ngati kudzala mbewuzi kungayeretse dothilo.

Zimene munamvazo, bambo, si zabodza. Mabakiteriya otchedwa Rhizobium ndi Bradyrhizobium amadziwika ndi ntchito yotenga nayitirojeni, amene ndi magawo 78 pa 100 alionse a mpweya, n'kumupereka ku mbewu kudzera m'timibulu ta ku mizu. Koma asanalowe m'mizumo amakhala m'dothi, ndipo china mwa zakudya zawo ndi mankhwala otuluka m'mapesi, masangwe ndi masamba pamene zikuola. Mankhwala amenewa ali ndi maatomu 6 a kaboni olumikizana mozungulira ngati nkhata, ndipo mpangidwe umenewu ndi wolimba kwambiri. Mabakiteriyawa amayamba awasandutsa kaye kukhala chinthu chimodzi chotchedwa protocatechuate, kenako amagwiritsa ntchito okosijeni kudula mzere wozungulirawo, ndipo zidutswa zake amazidya kuti apeze mphamvu. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona mlimi akutentha zinyalala za m'munda kapena akusiya madzi atadikha m'dimba, popeza moto umawononga chakudya cha mabakiteriyawa, ndipo dothi lopanda mpweya limaimitsa ntchito yonseyi.

Oyilo wotha ntchito ndi nkhani ina. Muli mankhwala okhala ndi mizere yozungulira ingapo yomatana, amene amatenga nthawi yaitali kuti aswedwe, komanso muli zitsulo monga mtovu ndi zinki zimene palibe bakiteriya angazithetse. N'chimodzimodzinso fumbi lochokera ku milu ya dothi la migodi ya golide kumwera kwa mzindawu.

Choncho musadzale ndiwo pamalopo. Kumbani dothi lonse lodetsedwalo mulichotse, kapena dzalani m'matumba momwe mwathira dothi lochokera kwina losakaniza ndi kompositi wopsa bwino. Mbewu ya soya muipake inokulanti (mankhwala okhala ndi mabakiteriyawa) tsiku lodzala, muli pamthunzi. Pakatha masabata 6 zulani mbewu imodzi, mung'ambe kambulu ndi chikhadabo. Mukapeza m'kati muli mofiirira, mabakiteriya akugwira ntchito.