Funsani Tikuyankheni: Ndikusamukira ku Texas, ndigule nyumba kapena ndiyambe ndi lendi?

Mwezi uno makalata ochuluka achokera kwa abale athu a ku America amene akusamuka chigawo china kupita china. Tasankhapo anayi okhudza nyumba.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine namwino, ndimakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana pamodzi ndi amuna anga ndi ana awiri, m'nyumba ya lendi. Ndapeza ntchito ku Dallas, Texas, ndipo ndiyamba pakatha miyezi iwiri. Tinasunga $40,000. Bambo akunyumba akuti tikangofika tigule nyumba, ati lendi n'kutunga madzi ndi dengu. Ine mtima ukundiletsa. Titani? — Mayi wa ana awiri, South Bend

YANKHO: Mayi, mverani mtima wanuwo. Chaka choyamba chitani lendi. Chimene chimagamula nkhaniyi ndi zaka zimene mudzakhale m'nyumbamo, ndipo panopa simungazidziwe poti ntchitoyo simunailawe n'komwe. Bambo tiwayankhe ndi masamu.

Tiyerekeze nyumba ya $330,000. Mwapereka $30,000 yoyambira, banki yakubwerekani $300,000 yobweza pa zaka 30, chiwongoladzanja 6.5 peresenti, pafupi ndi momwe chinkakhalira pakati pa 2023 ndi 2025. Pamwezi muzipereka $1,896. Mwezi woyamba, $1,625 pa ndalamayi ndi chiwongoladzanja chokhachokha, ndipo ngongole yeniyeniyo yangotsika ndi $271. Pakutha zaka ziwiri mwadula pafupifupi $6,900 basi. Ndiye onjezani zimene wa lendi saziona: msonkho wa nyumba, tinene 2 peresenti pachaka, ndiye $550 pamwezi, inshulansi ya nyumba, tinene $250, inshulansi ina yotchedwa PMI imene banki imakukakamizani mukapereka ndalama yoyambira yosafika 20 peresenti, tinene $100, ndi zokonzakonza, zimene anthu amawerengera 1 peresenti ya mtengo wa nyumba pachaka, ndiye $275. Zonse pamodzi zadutsa $3,000 pamwezi, ndipo pa ndalama yonseyi chanu chenicheni ndi ka $271 kaja. Yotsalayo yapita monga imapitira lendi, kungoti yadyedwa ndi banki, boma ndi a inshulansi m'malo mwa eninyumba.

Chimene chimapweteka kwambiri ndi khomo lolowera ndi khomo lotulukira. Pogula pamakhala zolipira zotsekera mgwirizano, zimene kumeneko amati closing costs, ndipo zimakhala pakati pa 2 ndi 5 peresenti. Pa nyumba yathuyi tinene $10,000, kutanthauza kuti $40,000 yanu ija yatha yonse musanagule ngakhale katani wa pawindo. Pogulitsa, ma ejenti ndi zolipira zina zimadya pakati pa 6 ndi 8 peresenti, tinene $23,000. Ndiye ngati patatha zaka ziwiri mwaona kuti ntchito siikukukomerani, ndipo mtengo wa nyumba sunakwere, mwataya $33,000 kuti mupeze $6,900. N'chifukwa chake odziwa za nyumba amati wosatsimikiza kukhala zaka zisanu asagule. Mitengo imatha kukwera, inde, koma imathanso kutsika: mumzinda wa Austin, komweko ku Texas, inatsika kwambiri itafika pachimake mu 2022.

Musatenge nzeru za ku Indiana n'kupita nazo ku Texas ngati mmene zilili. Texas alibe msonkho wa chigawo wodula pa malipiro, pomwe ku Indiana mumadulidwa pafupifupi 3 peresenti kuphatikizanso wa county. Malipiro adzaoneka onona. Koma ndalamayo amaitolera pa nyumba. Ku Indiana lamulo limati msonkho wa nyumba imene mwini akukhalamo usapitirire 1 peresenti ya mtengo wake. Ku Dallas umaphatikiza wa mzinda, wa county ndi wa sukulu, ndipo m'madera atsopano ambiri muli winanso wa MUD wolipirira mapaipi a madzi ndi ngalande. Nyumba ziwiri za mtengo umodzi, zotalikirana mphindi khumi pagalimoto, zikhoza kusiyana msonkho ndi madola mazana angapo pamwezi. Musakhulupirirenso msonkho umene mwini wakale ankalipira, chifukwa iye anali ndi zomuchotsera zimene zimatha nyumba ikagulitsidwa. Nyumba yongomangidwa kumene ili ndi msampha wakewake: chaka choyamba msonkho umatha kuwerengedwa pa malo opanda nyumba, kenako chaka chachiwiri banki imakulemberani kuti ndalama ya escrow, imene imakusungirani yolipirira msonkho ndi inshulansi, yaperewera, ndipo zolipira pamwezi zimalumpha.

Kenako pali dothi. Dera la Dallas lili ndi dothi lofanana ndi makande a ku Chigwa cha Shire: mvula ikagwa limafufuma, dzuwa likawomba limang'aluka, ndipo maziko a nyumba amayenda nalo. Mukalowa m'nyumba yogulitsa, tsegulani ndi kutseka chitseko chilichonse. Chitseko chokakamira, mng'alu wochoka pakona ya windo n'kukwera chopingasa, kapena mng'alu wotsata njerwa ngati masitepe panja, zonsezo n'zizindikiro zoti muitane injiniya wa maziko, osangodalira woyendera nyumba wamba. Matalala nawo ndi vuto, moti inshulansi zambiri zimati denga likaonongeka ndi mphepo kapena matalala, mwini ayambe walipira yekha 1 kapena 2 peresenti ya mtengo umene nyumba inalembetsedwa. Pa $330,000, 2 peresenti ndi $6,600 yotuluka m'thumba mwanu. Funsani zaka za denga musanafunse za khitchini.

Chaka cha lendicho chigwireni ntchito. Yendani ulendo wa kuntchito pa nthawi yeniyeni imene muzidzayenda, makamaka ngati muli pa shifiti ya usiku, ndipo werengerani ndalama za misewu yolipira monga Dallas North Tollway. Dziwani kuti malire a sukulu satsata malire a mzinda. Adiresi ndiyo imagamula sukulu ya ana. Onani bilu ya magetsi ya Julayi ndi Ogasiti, pamene makina oziziritsa m'nyumba salekeza. Posaina lendi, pemphani kuti mulembedwe ndime yonena ndalama imene mungalipire mutafuna kutuluka msanga, ndi yoti chaka chikatha mutha kupitiriza mwezi ndi mwezi. Potero mukadzapeza nyumba simudzalipira kuwiri.

Kanthu kena kosakhudza nyumba koma kokhudza malipiro: Indiana ndi Texas onse ali mu mgwirizano wa ziphaso za anamwino, choncho mutha kuyamba ntchito ndi chiphaso chanu ngati chili cha zigawo zambiri, koma lamulo limati mupemphe cha Texas pasanathe masiku 60 mutasamuka.

Alipo amene angagule atangofika: wodziwa kale mzindawo, wotsimikiza za ntchito, amene atalipira zonse angatsale ndi ndalama yodyera miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Inu ndi $40,000 simunafike pamenepo.

FUNSO: Ine ndinagula nyumba ku Indiana mu 2021, chiwongoladzanja 3 peresenti. Tsopano kampani ikundisamutsira ku Houston. Ndigulitse kapena ndiikemo wa lendi? — Bambo wa ku Mishawaka

YANKHO: Bambo, ngongole ya 3 peresenti ndi chuma, sitikutsutsani, ndipo simudzaipezanso msanga. Koma masamu a nyumbayo asintha tsiku limene mutulukemo. Malire a msonkho a 1 peresenti aja ndi a mwini wokhalamo. Nyumba ya lendi ku Indiana malire ake ndi 2 peresenti, ndipo zokuchotserani za homestead, zimene mwini wokhalamo amachotseredwa pa msonkho, zimatha. Muyenera kudziwitsa ofesi ya county auditor nokha. Mukangokhala chete, akadzatulukira mudzalipira zam'mbuyo ndi chindapusa pamwamba. Inshulansi nayonso isinthidwe ikhale ya eninyumba obwereketsa, apo ayi tsiku la ngozi adzakukanirani. Woyang'anira nyumba amadya pakati pa 8 ndi 10 peresenti ya lendi, ndipo musamuone ngati wongodya nawo. Taganizani Januwale wa kumeneko, chipale chochokera ku Lake Michigan chaunjikana, wa lendi watuluka, makina otenthetsa azima, mapaipi aundana n'kuphulika m'khoma, inu muli ku Houston. Kusiyira mbale kapena mnzanu wa kutchalitchi kuti "aziona" kumathera pa kudana.

Chotsani zonsezi pa lendi imene mungalandire, chotsaninso mwezi umodzi pachaka woti nyumba ikhoza kukhala yopanda munthu. Pakatsala kanthu kooneka, isungeni. Pakatsala $50, gulitsani.

Pali wotchi imene ikuyenda. Lamulo la msonkho la dziko lonse limati phindu la pogulitsa nyumba silidulidwa msonkho mpaka $250,000 kwa munthu mmodzi, kapena $500,000 kwa banja lolemba msonkho limodzi, ngati munakhalamo zaka ziwiri mwa zaka zisanu zomaliza. Ndiye kuti mukatuluka muli ndi zaka zitatu zoti mugulitse mwayiwu usanathe. Ambiri amaiwala, n'kudzagulitsa chaka chachinayi. Dziwaninso kuti lendi ya nyumba ya ku Indiana muziilembera msonkho ku Indiana ngakhale mukukhala ku Texas, ndipo mukadzafuna ngongole yachiwiri, banki kawirikawiri imawerengera 75 peresenti yokha ya lendiyo ngati ndalama yolowa, ndiponso imafuna kuona pepala la mgwirizano losainidwa.

Za ku Houston, mawu amodzi: madzi. Chigumula cha Harvey mu 2017 chinalowa ngakhale m'nyumba zimene mapu a FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, sankaziika m'dera la ngozi, ndipo inshulansi wamba ya nyumba silipira za madzi osefukira. Imeneyo imagulidwa payokha. Ngakhale pochita lendi, funsani ngati nyumbayo inalowapo madzi.

FUNSO: Ndili pa viza ya ntchito, green card sinatuluke. Kodi banki ingandibwereke ndi kalata ya ntchito yokha? Ndalama yoyambira ndi ya chipereganyu chathu. — Mnyamata wa ku Maryland

YANKHO: Achimwene, zotheka, koma khomo limodzi linatsekedwa. Ngongole za FHA, zothandizidwa ndi boma, zimene zimalola kuyamba ndi 3.5 peresenti ngati credit score (nambala yoonetsa mbiri yanu yobweza ngongole) yafika 580, kuyambira Meyi 2025 saperekanso kwa amene alibe green card, chilolezo chokhazikika. Zatsala ngongole wamba, zimene malamulo a Fannie Mae, bungwe logula ngongole za nyumba kwa mabanki, amalola kwa wokhala m'dziko movomerezeka, ngakhale banki iliyonse imaonjezera zofuna zake. Kalata ya ntchito imalandiridwa ngati yalemba malipiro ndi tsiku loyamba, ilibe mawu oti "pokhapokha", ndipo tsikulo lili mkati mwa masiku 90 kuchokera posaina ngongole. Malipiro a ovataimu kapena a ntchito yodzilemba nokha ngovuta, chifukwa amafuna mbiri ya zaka ziwiri.

Chipereganyu ndiye chimasokoneza ambiri. Banki imapempha masitetimenti a miyezi iwiri, ndipo ndalama yaikulu iliyonse yolowa mwadzidzidzi imafunsidwa kumene yachokera. $10,000 yoponyedwa ndi anthu khumi, wina pa foni wina pamanja, kwa iwo imaoneka ngati ngongole yobisa, ndipo ngati mudakali ndi miyezi yosonkhera anzanu, akunena zoona ndithu. Landirani gawo lanu msanga, likhale mu akaunti, sungani mapepala a gulu, ndipo wa kubanki akafunsa muuzeni chilungamo. Ngati ndi mphatso ya mbale, pamafunika kalata yosaina yonena kuti sidzabwezedwa. Kuyambira tsiku lopempha ngongole mpaka tsiku lolandira makiyi, musatenge galimoto kapena mipando pa ngongole. A kubanki amaonanso mbiri yanu ya ngongole kachiwiri asanatseke mgwirizano.

Koma tinene mosabisa: viza yomangirira pa bwana mmodzi ndi nyumba yomangirira zaka 30 siziyenda bwino limodzi. Ntchito ikatha, ma viza ngati H-1B amangopatsa masiku osapitirira 60 oti mupeze ina, ndipo nyumba sigulitsika bwino ndi munthu wothamangitsidwa ndi nthawi. Ngati mukumanganso kumudzi, ngati ambiri a ife, malizani kaye kumodzi.

FUNSO: Nanga katundu ndi dipoziti ya nyumba yakale? — Wowerenga wa ku Indianapolis

YANKHO: Kampani yosamutsa katundu kudutsa malire a zigawo iyenera kukhala ndi nambala ya boma yotchedwa USDOT, ifufuzeni pa webusaiti ya FMCSA, nthambi ya boma yoyang'anira makampaniwa, musanapereke kalikonse. Ena amene amalengeza pa intaneti ndi madobadoba chabe opanda lole, amatchula mtengo wotsika kenako katundu akakwera mtengo umasintha. Pemphani mtengo wolembedwa wosasintha. Ngati ndi wongoyerekeza, lamulo limati pa tsiku lotsitsa katundu asakuumirizeni kulipira kupitirira 110 peresenti yake. Chitetezo chaulere chimene amapereka ndi masenti 60 pa paundi iliyonse, choncho wailesi ya kanema yolemera mapaundi 40 ikasweka mulandira $24. Ndalama yosamukira imene kampani yokulembani ntchito ingakupatseni imadulidwa msonkho ngati malipiro kuyambira 2018, ndiye funsani ngati adzaonjezerapo ya msonkhoyo.

Dipoziti ku Indiana imayenera kubwezedwa, kapena kufotokozedwa polemba chimene adulira, pasanathe masiku 45. Ku Texas ndi masiku 30. Konsekonse muyenera kupereka adiresi yatsopano polemba. Jambulani chipinda chilichonse chili chopanda kanthu, mkati mwa uvuni ndi firiji momwe, ndipo makiyi muwapereke kwa munthu amene asainire kuti walandira. Mukafika ku Texas muli ndi masiku 30 olembetsa galimoto ndi masiku 90 osintha laisensi.