Kuseka kwa pa TV kuja ndi kwa anthu enieni, ine ndinali m'modzi mwa iwo

Asisi, mwafunsa kuti kuseka kumamveka kumbuyo mu ma comedy a azungu kuja ndi kwa anthu enieni kapena amangodina batani, ndiye ndaona anthu ambiri mma comment akuti ndi makina basi, wina mpaka wati amene amaseka aja anafa kalekale kkkk. Dikirani ndikuuzeni, chifukwa ine ndinasekako mmenemo kwa zaka pafupifupi zinayi, ulere, opanda olo kobiri.

Ndinapita ku London mu 2004 ndili ndi zaka 18, kwa azakhali anga omwe anali nesi, nthawi imene ija ma nesi ambiri akwathu ankathawira ku UK. Tinkakhala ku Leytonstone. Ndalama yopitira ku cinema kapena ku mpira ndinalibe, kusukulu ndikaweruka ndinkangokhala pa mpando kuonera TV mpaka azakhali atabwera ku night. Ndiye mnzanga wina wa mkalasi, mnyamata wa ku Ghana, ndi amene anandiuza kuti iwe ukudziwa kuti ma pulogalamu ukuonerawa utha kukaonera akujambula, ndipo salipiritsa? Ine ndinati ukunama, mzungu angakupatse chinthu chaulere? Koma zinali zoona. Umangolemba dzina pa intaneti, ku BBC komweko kapena ku ma kampani ogawa matikiti ngati SRO Audiences ndi Applause Store, kenako tikiti imabwera pa imelo, iwe kukapulinta ku laibulale.

Malo oyamba kupita anali BBC Television Centre ku White City. Kuchoka kwathu inali sitima imodzi basi, Central line, osatsika pena mpaka kukafika. Chinyumba chozungulira chokhala ndi bwalo pakati, eni akewo amachitcha doughnut, chinatsegulidwa mu 1960, ndipo pakati pa bwalopo pali chifanizo chagolide cha Helios, mulungu wa dzuwa wa Agiriki akale, chili pamwamba pa mzati. Ine mwana wa ku Chilobwe amene TV yakwathu, TVM, inangoyamba mu 1999, ndipo tinkakaonera kwa aneba titakhala pansi pa simenti, ndinaima pa msewu wa Wood Lane kutsogolo kwake paja kukamwa kuli yasa.

Tsopano tikiti yaulere ija ili ndi kamsampha kake. Amagawa matikiti ambiri kuposa mipando, chifukwa akudziwa kuti chinthu chaulere ena amangolemba dzina osabwera, ndipo iwo safuna mpando opanda munthu. Ndiye kukhala ndi tikiti sikuti walowa ayi, uyenera kulawira ukaime pamzere, akumate ka sitika ka nambala pa pepala lako. Kuzizira kwake inu! Novembala, dzuwa lalowa 4 koloko, iwe uli panja maola awiri manja ali gwaa mthumba. Tsiku lina ku situdiyo ina, sinditchula, ndinaima mpaka zala kufa dzanzi, atatsala anthu atatu kutsogolo kwanga anati kwadzadza, pitani kwanu. Ndinabwerera ndili ndi njala komanso ndatha ndalama ya pa Oyster, khadi yolipirira sitima, mtima uli phuu. Kuyambira pompo ndinkafika oyambirira ngati ndikukagula chimanga ku depoti nthawi ya njala.

Mukalowa mkati amakukhazikani pa mipando yokwera ngati ya pa sitediyamu, anthu mwina mazana awiri kapena atatu. Pamwamba pali magetsi osawerengeka, ma sikirini olendewera, ndi timamaiki tambirimbiri tolendewera pamutu panu. Timeneto ndiye tomwe timatola kuseka mumamva kuja. Foni zimitsani, kujambula ayi, ndipo pitani kuchimbudzi musanakhale chifukwa zikayamba kutuluka ndi nkhani.

Asanabwere anthu otchuka aja kumabwera kaye munthu wina amene pa TV simudzamuona olo tsiku limodzi, amamutcha warm-up. Ameneyu kwa ine ndiye mwini ntchito. Ntchito yake ndi kukutenthetsani, anthu mwachoka panja mwauma ndi chisanu, ena mwakwiya ndi mzere, iye akuyenera kukusandutsani anthu oseka. Amanena nthabwala, amafunsa wachokera kutali ndani, amakuphunzitsani kuwomba mmanja, amati tiyeni tiyese kuseka pang'ono, tsopano kwambiri, tsopano ngati mwamva nkhani ya apongozi anu. Tsiku lina anafunsa wachokera kutali ndani ine ndikukweza dzanja kuti Malawi, iye anayamba kufunsa anthu ngati alipo akudziwa komwe kuli, zii, ndiye usiku onse akafuna kudzutsa anthu amangoti tiyeni timufunse mnzathu wa ku Malawi ngati zikumveka. Ndinachita manyazi koma ndinakomedwa, sindinama.

Ma pulogalamu ake ali mitundu iwiri ndipo amasiyana kwambiri. Pali aja anthu amakhala pa tebulo kumaseka nkhani za msabata, ngati Mock the Week ya Dara Ó Briain yomwe inayamba mu 2005, kapena Have I Got News for You ya Ian Hislop ndi Paul Merton, yomwe nthawi imeneyo inkajambulidwa ku London Studios kufupi ndi Waterloo, Lachinayi madzulo nkuonetsedwa Lachisanu. Amenewa pa TV ndi mphindi 30 koma pojambula amatha maola awiri, ena mpaka kuyandikira atatu. Ndiye zambiri zomwe mumaseka mkatimo sizituluka, zina chifukwa zatalika, zina chifukwa ndi zolaula, zina chifukwa loya wakana kuti izi munthu atha kutisumira. Zokoma kwenikweni zimathera mchipinda momwemo. Ukamaonera mawa lake umangoti ah, ija aichotsa? Ndipo kumapeto amabwereza timizere tina tomwe sitinamveke bwino, wotsogolera uja kunena chiganizo chomwecho kawiri katatu, inu nkumaombanso mmanja ngati ndi koyamba.

Vuto langa linali lakuti nthabwala zawo theka zinali za ndale zawo, za Tony Blair ndi Gordon Brown, za nduna zomwe maina ake sindinkawadziwa, kuphatikiza chizungu chothamanga cha ku Scotland ndi ku Ireland chomwe ku sekondale sanatiphunzitse. Ndiye ine ndinkaseka mochedwa. Anthu aseka, atha, ine mpamene yafika mmutu, ndiye phwete ndekha. Ndipo kaseke kanga amene mumandidziwa mukukadziwa, kaja kokoka mpweya ngati pampu ya njinga. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anandiyang'ana ulendo wina mpaka iye kuyamba kuseka ine osati nthabwala.

Mtundu wachiwiri ndi sewero lenileni, sitcom, ndipo apa ndi pomwe pali yankho la funso lanu asisi. Kutsogolo kwanu amamanga zipinda zondondozana, apa pabalaza, apa khitchini, apo ofesi, chilichonse makoma atatu, khoma lachinayi ndi inuyo. Denga kulibe. Masitepe okwera mmwamba aja sapita kulikonse, munthu amakwera nkukaima pa kathabwa kudikira. Pakati pa inu ndi ochita sewero pali makamera anayi kapena asanu akuyendayenda, ndi anthu ogwira maiki a mtengo wautali, moti nthawi zambiri sumaona bwinobwino, umathera kuyang'ana pa sikirini yammwamba, kuchoka ku Leytonstone konse kuja kudzaonera TV mkati mwa TV kkkk. Zigawo zomwe anajambula kale panja, mumsewu kapena mgalimoto, amakuonetsani pa ma sikirini omwewo pa nthawi yake mu nkhani kuti maiki atole kuseka kwanu.

Ulendo oyamba wa chigawo chilichonse kuseka kumakhala kwenikweni, kochokera mmimba. Ndiye wina walakwitsa mawu, kapena chitseko chakanika kutseguka, kapena mthunzi wa maiki waoneka pakhoma, floor manager, woyang'anira zochitika pa siteji amene wavala mahedifoni, amaimitsa, director ali kuchipinda china mmwamba akumuuza mkhutu kuti tibwereze. Kachiwiri mumaseka ndithu, koma pang'ono. Kachitatu, kachinayi, nthabwala mwailoweza kale mpaka mukuinena nawo chamumtima, apa ndiye warm-up uja amatulukira ndi maswiti kumaponya, kumakupemphani chonde sekani ngati simunaimvepo. Ndipo mumaseka, koma kumeneko ndi kuseka kwa ganyu. Masaya amapweteka, mmanja mumatentha, matako afa pa mpando, 10 koloko yakwana iwe ukuganiza za sitima yomaliza.

Chodabwitsa nchakuti pomwe anthu amafa nako kuseka kwambiri mpamene wosewera walakwitsa. Akaiwala mzere nkutukwana, kapena awiri akayang'anizana nkulephera kudzigwira, chipinda chonse chimagwa, misozi mbwee. Kumeneko sikungalowe mu pulogalamu chifukwa sikukugwirizana ndi nkhani.

Ndiye amene mukuti ndi makina simukunama kotheratu, ndikupatseni mbali yanu. Ku America kunali munthu wotchedwa Charley Douglass amene mzaka za mma 1950 anapanga bokosi lokhala ndi matepi a kuseka kosiyanasiyana, ankalidina ngati limba, ndipo ma pulogalamu ambiri akale, ngakhale makatuni omwe, kuseka kwake kunkachokera mmenemo. Ndiye zoti ena mwa oseka aja anamwalira kale, kwa ma pulogalamu akalewo, nzotheka ndithu. Komanso ngakhale pomwe pali anthu enieni, okonza amatha kutenga kuseka kwa ulendo oyamba nkukuika pa ulendo wachinayi pomwe osewera anachita bwino, kapena kudula ngati kwatalika mpaka kukuphimba mawu. Amakonza ngati mmene mayi amakonzera ndiwo, koma nkhuku yake ndi yeniyeni. Ma pulogalamu ena amajambula opanda anthu nkudzaonetsa gulu filimu yatha kale kuti atole kuseka. Ndipo ena masiku ano sayika nkomwe kuseka.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ine ndi mwambo wake. Kwathu ndinakulira ku French Cultural Centre ku Blantyre, Lamulungu masana amalume atanditenga kukaonera a Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo ali pa siteji, anthu kumayankha, wina kukuwa kuti wagwa nayo ameneyo, wina kuimirira kumulangiza Jakobo zochita, ndipo osewerawo amatha kukubwezera pompo anthu nkugwa. Ku situdiyo kuja ukangoyerekeza kukuwa waononga chigawo chonse, abwereza chifukwa cha iwe, anthu mazana atatu akuyang'ana. Umaloledwa kuseka ndi kuwomba mmanja, basi. Kangapo konse mawu anafika pakhosi ine nkuwameza. Kunena chilungamo pa nkhani yokoma, ku French kunkakoma kuposa, kungoti kulibe amene ankatitola ndi maiki.

Malo aja pano anasintha. BBC inasamuka ku Television Centre mu 2013, mbali yaikulu inasanduka nyumba zogona anthu andalama, ngakhale ma situdiyo atatu anatsegulidwanso mu 2017 ndipo akujambulabe. London Studios inatsekedwa mu 2018. Mock the Week ya pa BBC inatha mu 2022. Koma matikiti aulere alipobe, inu amene muli ku UK yesani, ma pulogalamu ambiri amafuna zaka 16 kapena 18 kupita mmwamba ndiye tengani chiphaso, idyani kaye, valani jekete, ndipo lawirani.

Za umboni woti munali anthu, ndinaupeza Lachisanu lina tikuonera ndi azakhali pulogalamu yomwe ndinakakhalapo dzulo lake. Iwo ankadziwa kuti Lachinayi madzulo ndimakhala ku laibulale kuwerenga, ndi zomwe ndinkawauza. Nthabwala ina yadutsa, azungu aseka atha, kenako chapansipansi kunamveka kapampu ka njinga kaja kokha, hiii hiii. Azakhali anasiya supuni, kuyang'ana TV, kuyang'ana ine. Anangoti iwe, laibulale yake imeneyi? Sabata yotsatira ndinalemba matikiti awiri, ndipo iwo ndi amene anandidzutsa kuti tichedwa pamzere.