Madamu, lembetso musalisiye

Ndalandira imelo kuchokera kwa madamu ena amene amaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina ya boma ku Ndirande. Akuti ana ali nawo oposa 90, akapereka lembetso makope amawatengera masiku kuti amalize kuchonga, komanso anzawo ena ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amakumanako pa maphunziro a ntchito yawo, anawauza kuti lembetso ndi zachikale chifukwa woyankhula ndi mphunzitsi yekha, ana amangolemba. Nde akufunsa kuti kodi angolisiya basi?

Madamu, chonde musalisiye. Chofunika kusiya ndi kalembetsedwe kaja ambirife tinakulira, koti aphunzitsi awerenga mawu 20 oti mwana sanawaonepo, atolera makope, akabweza muli 4/20 yofiira nkhani yathera pomwepo. Amenewo ndi mayeso, ndipo mwana sanaphunzirepo kanthu kupatula kudziwa kuti walephera. Anzanuwo akamadandaula ndikukhulupirira akunena zimenezi, ndipo pamenepo sakunama.

Koma taganizani zomwe zimachitika mmutu mwa mwana mukamulembetsa chiganizo. Amve kaye, achisunge kamphindi, agawe mawu mmaphatikizo, asankhe malembo, aganize poyika mpumiro, kenako dzanja lilembe. Kukopera pa bolodi sikumufikitsa pamenepo olo pang'ono, mwana atha kukopera tsamba lonse bwinobwino asakudziwa chomwe walemba. Zija za maliwu ndi maphatikizo zomwe National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsira ana kuwerenga, yakhala ikulimbikitsa mmakalasi ang'onoang'ono kuyambira 2016, lembetso ndi limene limakuonetsani ngati zinalowadi. Ndipo pa Sitandade 5 mpofunika kudziwa msanga, sinanga maphunziro enawo ali m'Chingerezi ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 sali kutali.

Chinsinsi chake nchosankha chinthu chimodzi. M'Chichewa mutha kutenga h yekha, ana amve kusiyana kwa phala ndi pala, kapena tsiku lina ng' ndi ng, ng'oma yoyimba ija ndi ngoma nyama yakutchire. M'Chingerezi vuto la ana athu timalidziwa tonse, l ndi r, chifukwa m'Chichewa ukasinthanitsa awiriwa tanthauzo silisintha koma m'Chingerezi pray ndi play ndi zinthu ziwiri zosiyana, chimodzimodzi right ndi light. Palinso kuwonjezera lembo la liwu (a, e, i, o, u) kumapeto kwa mawu a Chingerezi poti mawu athu onse amathera choncho. Nde pangani ziganizo zitatu kapena zinayi zokha zokhala ndi vuto mwasankhalo, zochokera mu nkhani yomwe awerenga kale sabata imeneyo, kapena za moyo wawo, za minibasi yopita ku Limbe, za kumsika, za mpira. Aziwone kaye pa bolodi, mukambirane mawu ovutawo, kenako fufutani. Werengani koyamba iwo akungomvetsera mapensulo ali pansi, kachiwiri pang'onopang'ono mmagawo omveka osati liwu limodzilimodzi ayi, kachitatu awonenso ntchito yawo. Mphindi 10 zakwana.

Za kuchonga ndi pamene ndikufuna mundimvetse kwambiri, chifukwa chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 makalasi athu ndi odzadza ndipo palibe mphunzitsi angachonge makope 90 kawirikawiri osatopa nkuzisiya. Musatolere makope. Lembani ziganizo zolondola pa bolodi nthawi yomweyo, mwana aliyense afananize yekha, adule mzere pansi pa pomwe walakwitsa nkulemba cholondola pamwamba pake. Mwana akapeza yekha kuti wasiya h amakumbukira kusiyana ndi kupeza cholembera chofiira patatha masiku atatu ataiwala kale. Inu muzingoyenda mmizere nkusuzumira makope 10 kapena 15, lero akutsogolo mawa akumbuyo, ndipo mudziwa vuto lomwe lili ndi ambiri, limenelo ndiye phunziro lanu lotsatira. Malikisi asiyeni, kapena muzipereka mwa apo ndi apo. Ena amafufuta mwakabisira kuti aoneke akhoza zonse, koma akaona kuti palibe chikwapu kapena kusekedwa amasiya okha.

Pa nkhani yoti ana sayankhula, pali njira zake. Ina nkumata timapepala ta nkhani yaifupi pakhoma kapena pamtengo panja, ana mmagulu, mmodzi athamange akawerenge, asunge mmutu, abwere adzauze anzake alembe, kenako asinthane. Phokoso limakhalapo ndithu nde auzeni a kalasi yoyandikana nayo, ndipo ndi ana 90 ndi bwino kuchitira panja. Ina ndi dictogloss yomwe Ruth Wajnryb anaitchukitsa mu buku lake la 1990, iyi ine ndimaikonda kwambiri kwa ana okulirapo. Mumawerenga kandime kawiri pa liwiro la masiku onse, iwo amangotola mawu ofunika, kenako pagulu amanganso ndimeyo mmawu awo. Mukawamva akutsutsana kuti apa ndi went osati go, dziwani kuti galamala ikuphunziridwa popanda inu kulemba lamulo pa bolodi. Ku Sitandade 5 yambani ndi Chichewa kuti azolowere kachitidwe kake, Chingerezi chibwere pambuyo.

Chomaliza, samalani ana akumbuyo ndi amene samva bwino. Mwana wina amalephera lembetso chifukwa mawu anu sakumufika, makamaka mvula ikamagwa pa malata, nde muziima pakati pa kalasi, nkhope yanu aziiona, ndipo amene mukumukayikira musunthireni kutsogolo muone ngati zisinthe. Yesani kawiri pa sabata kwa mwezi umodzi, kenako mundilembere kuti ndi zolakwika ziti zomwe zikukanirira, tidzaone limodzi ziganizo zoti muwakonzere.