Kodi ndingakaphunzire udokotala wa mano kunja pamene sindinakhoze bwino mayeso?

FUNSO: A Mkonzi, ndinalemba mayeso a MSCE n'kupeza mapointi 24, ndipo pa Biology ndinapeza 4 pomwe pa Chemistry ndinapeza 6. Khumbo langa ndi loti ndidzakhale dokotala wa mano. Amalume anga amene amagwira ntchito ku Britain andilonjeza kuti adzandilipirira fizi ndikapeza malo kumeneko kapena dziko lina lililonse. Kodi ilipo sukulu imene ingandilandire? Ndine wowerenga wanu wa ku Kasungu.

YANKHO: Ndi zotsatira zimenezi, khomo la ku Britain ndi lotseka pakadali pano, ndipo ndi bwino kuti amalume anu amve zimenezi asanayambe kutaya ndalama pa mafomu. Mayunivesite a kumeneko amatenga MSCE ngati yofanana ndi GCSE, mayeso awo a kusekondale, choncho ngakhale munthu atapeza mapointi 6, amafunikabe A-level, mayeso apamwamba olembedwa pambuyo pa GCSE, ndipo ambiri amafuna magiredi a A atatu kuphatikizapo Chemistry ndi Biology. Kuwonjezera apo pali mayeso olowera otchedwa UCAT, mafomu amadzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu a mayunivesite, pasanafike pa 15 October, ndipo simungasankhe sukulu za mano zoposa zinayi. Malo a ophunzira akunja ndi owerengeka chifukwa boma limaika malire, pamene fizi m'masukulu ambiri imaposa mapaundi 40,000 pachaka, kwa zaka zisanu. Kukhala ndi wachibale kumeneko sikukutsitsirani fiziyo.

Ku America ndi kotalikirapo, chifukwa munthu amayamba wapeza digiri yoyamba, kenako n'kulemba mayeso olowera sukulu za mano otchedwa DAT asanalowe maphunziro a zaka zinayi, ndipo masukulu ambiri a boma amakondera nzika za m'chigawo chawo. Ku South Africa, mayunivesite a Wits, Pretoria, Western Cape ndi Sefako Makgatho ali ndi maphunzirowa, koma nakonso MSCE payokha sikwanira ndipo mpikisano ndi woopsa.

Chimene chingasinthe nkhani yanu ndi zotsatira zatsopano. Ambiri amaganiza kuti kalata yolembedwa mwaluso yofotokoza mmene amakondera ntchitoyi ingaphimbe giredi yofooka, koma osankha ophunzira amayamba ayang'ana manambala, ndipo kalata ya amene walephera pamenepo nthawi zambiri siwerengedwa n'komwe. Giredi 6 ya Chemistry ndi imene ikukupingani kwambiri, pakuti zaka zoyambirira za maphunzirowa zimatsamira pa phunziro limeneli. Ine ndikanakonda kuti gawo la ndalama za amalumezo lipite ku kubwereza MSCE kapena ku zaka ziwiri za A-level pa sukulu imene ili ndi labotale yeniyeni. Mukatero mudzakhala ndi mwayi ngakhale kuno kwathu, poti kuyambira mu 2019 sukulu imene pano ndi Kamuzu University of Health Sciences ikuphunzitsa madokotala a mano, mothandizana ndi University of Glasgow.

Mayiko ena ali ndi njira yosiyanako. Ku Hungary, mayunivesite a Semmelweis, Debrecen, Szeged ndi Pécs amaphunzitsa m'Chingerezi ndipo amapereka mayeso awoawo olowera a Biology ndi Chemistry, kotero amene wakonzekera bwino amatha kuonetsa zimene akudziwa lero. Kulowa kungaphwekeko, koma kupitirira zaka zoyamba n'kovuta kwa munthu amene maziko ake a sayansi ndi ogwedera. Pafupi nafe pali yunivesite ya Muhimbili ku Dar es Salaam, kumene Amalawi ena anaphunzira ntchitoyi, komanso Copperbelt University ku Ndola. Alembereni nokha kuti akuuzeni zimene amafuna kwa munthu wa MSCE.

Mungaganizirenso dipuloma ya dental therapy (chithandizo choyambirira cha mano) pa Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Si udokotala, ndipo sikutsegulirani khomo la digiri payokha, koma mudzagwira odwala ndi kudziwa ngati ntchito yokhalira m'kamwa mwa anthu tsiku lonse mukuifunadi.

Chenjeraninso ndi anthu amene amadzitcha maejenti, olonjeza malo otsimikizika posatengera magiredi. Musanapereke ndalama kusukulu iliyonse yakunja, lemberani a Medical Council of Malawi, amene amalembetsa madokotala a mano, muwafunse ngati amavomereza digiri ya sukuluyo, ndipo yankho lawo mulisunge lolembedwa.